Kutopa kosatha: phunziro la matenda a Hashimoto ndi kufooka kwa chithokomiro

Malemba oti tiwerenge: 1 Akorinto 6:19, 20, Yohane 9:1-3, 2 Mafumu 20:1-7

Matenda ena akafika, aliyense amadziwa. Malungo amagwetsa munthu tsiku limodzi, ndipo abale amathamanga naye kuchipatala. Koma alipo matenda ena amene amalowa mwakachetechete, n'kumamudya munthu kwa zaka popanda womuzindikira. Wodwalayo amadzuka ali wotopa ngakhale wagona usiku wonse. Amavala juzi anzake akudandaula kutentha. Zimene wawerenga dzulo, lero zamuthawa. Anthu omuzungulira amapeza mayina awo a vutoli: ulesi, ukalamba, maganizo, kulodzedwa, ngakhalenso kuzirala mu uzimu. Nthawi zina dzina lenileni limakhala lina, ndilo kufooka kwa chithokomiro.

M'phunziro lino tiona mmene chithokomiro chimagwirira ntchito, chifukwa chake chimafooka, mmene madokotala amadziwira vutoli, ndiponso chithandizo chake. Tidzafunsanso funso limene limavuta ambiri a ife mumpingo: kodi munthu wokhulupirira uthenga wa zaumoyo angamwe piritsi tsiku lililonse moyo wake wonse?

Chithokomiro tonse tili nacho

Kumudzi tikamva mawu akuti chithokomiro timaganiza za chotupa cha pakhosi. Komatu chotupacho ndi chiwalo chimene tonse tinabadwa nacho, chimene changokula mopitirira. Chiwalochi chili kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, ndipo chinayangata njira ya mpweya mbali zonse ziwiri ngati gulugufe wotambasula mapiko. Mwa munthu wamkulu chimalemera pafupifupi magalamu 20. Chikakhala bwinobwino sichioneka, ndipo ambiri timamwalira osachiganizirako.

Ntchito yake ndi kupanga mahomoni, timadzi timene timayenda m'magazi n'kumauza ziwalo zina zochita. Chithokomiro chimapanga mahomoni awiri. Yoyamba ndi thyroxine, imene madokotala amailemba kuti T4, ndipo yachiwiri ndi T3. Manambalawa akunena za kuchuluka kwa ayodini: T4 ili ndi tizigawo tinayi ta ayodini, T3 ili ndi titatu. Chithokomiro chimatulutsa kwambiri T4, ndipo chiwindi, impso ndi ziwalo zina zimachotsapo kachigawo kamodzi n'kuisandutsa T3, yomwe ndi yamphamvu kwambiri.

Mahomoniwa ali ngati munthu wokupiza moto wa pambaula. Makala alipo, mphika ulipo, koma wokupiza akagona, moto umanyeka mofooka ndipo nyemba sizipsa. Chakudya chimene timadya ndiwo makala, ndipo mahomoni a chithokomiro ndi amene amakonza liwiro limene thupi limawotchera chakudyacho kuti chitipatse mphamvu ndi kutentha. N'chifukwa chake akachepa, zonse zimayenda pang'onopang'ono: mtima, matumbo, ubongo, ngakhale kameredwe ka tsitsi.

Kapitawo ndi wantchito wake

Chithokomiro sichidzilamulira chokha. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa kotchedwa pituitary. Kameneka kamayang'anira kuchuluka kwa T4 ndi T3 m'magazi, ndipo kamatumiza homoni yake yotchedwa TSH kukauza chithokomiro kuti chigwire ntchito.

Tiyerekeze kapitawo wa pamunda wa tiyi. Wothyola tiyi akamadzaza dengu bwino, kapitawo amalankhula motsitsa. Wothyolayo akayamba kuchedwa, kapitawo amakweza mawu, ndipo akachedwa kwambiri, amakuwa. TSH ndiyo mawu a kapitawoyo. Chithokomiro chikafooka, TSH imakwera. Chikamagwira ntchito mopitirira, TSH imatsika. Mfundo imeneyi tiigwire bwino, chifukwa imasokoneza ambiri akalandira zotsatira za magazi. Amaona nambala yokwera n'kuganiza kuti chithokomiro chawo chili ndi mphamvu zochuluka, pamene nambalayo ikusonyeza kuti kapitawo akukuwira wantchito amene walefuka.

Chimafookeranji?

Pa dziko lonse lapansi, chifukwa chachikulu chakhala kusowa kwa ayodini m'chakudya. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 a ayodini patsiku, ndipo bungwe la World Health Organization limati mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafunika 250. Maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu, choncho mlingowu ndi wochepa zedi. Komabe nthaka ya madera ambiri a kumapiri ndi akutali ndi nyanja zamchere ilibe ayodini wokwanira. Chithokomiro chikamusowa chimakula poyesa kukola kochepa kalikonse kopezeka m'magazi, ndipo ndi mmene zotupa za pakhosi zimene agogo athu ankaziona zinkayambira. Chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimawonjezera vutoli, chifukwa poizoni wake akalowa m'thupi amasanduka mankhwala otsekereza ayodini kulowa m'chithokomiro. Ichi n'chifukwa chake lamulo la dziko lathu limafuna kuti mchere wogulitsidwa ukhale wothira ayodini.

Kumene ayodini ali wokwanira, chifukwa chachikulu ndi matenda a Hashimoto. Pamatenda amenewa vuto silichokera m'mbale. Limachokera ku chitetezo cha m'thupi. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, amasokonezeka n'kuyamba kuona chithokomiro ngati mdani. Maselo oyera a m'magazi amadzazana m'chiwalochi, ndipo thupi limapanga zida zolimbana ndi mbali zina za chithokomirocho. Nkhondoyi imayenda pang'onopang'ono, kawirikawiri popanda ululu, kwa zaka zambiri. Kwa ena chithokomiro chimatupa n'kulimba ngati labala. Kwa ena chimafota. Pomaliza maselo opanga mahomoni amatsala ochepa moti sakwanitsanso ntchito.

Matendawa amagwira akazi kwambiri kuposa amuna, makamaka a zaka zapakati pa 30 ndi 50, ngakhale kuti atsikana a kusekondale, anyamata ndi okalamba amadwalanso. Amayenda m'magazi a pabanja: mayi akakhala nawo, mwana wake wamkazi kapena mchemwali wake ayenera kukhala tcheru. Amakondanso kuyendera limodzi ndi matenda ena a chitetezo chosokonezeka, monga shuga wa mtundu woyamba, mawanga oyera a pakhungu otchedwa vitiligo, ndi kuchepa kwa magazi kobwera chifukwa thupi likulephera kuyamwa vitamini B12. Si matenda opatsirana. Sitingawatenge podyera mbale imodzi kapena pogona chipinda chimodzi ku hositelo.

Palinso zifukwa zina zofooketsa chithokomiro: opaleshoni yochichotsa, mankhwala ena monga lithium ndi amiodarone, kutupa kwake mayi akangobereka, ndiponso kubadwa chili chosakhwima.

Dzinali linachokera kuti?

Hakaru Hashimoto anali dokotala wa ku Japan amene ankagwira ntchito mumzinda wa Fukuoka. Mu 1912 anafalitsa, m'magazini ya madokotala ya ku Germany, zimene anaona atayang'ana pa makina okulitsa zinthu zidutswa za chithokomiro zochotsedwa mwa amayi anayi. Zinali zodzaza ndi maselo oyera a m'magazi, zosiyana ndi zotupa zodziwika za nthawiyo. Iye anabwerera kwawo kukathandiza odwala a kumudzi, ndipo anamwalira ndi typhoid mu 1934 chifukwa chenicheni cha matendawa chisanadziwike.

Yankho linabwera mu 1956. Ku London, Ivan Roitt ndi Deborah Doniach anapeza m'magazi a odwala matendawa zida za chitetezo zolimbana ndi chithokomiro cha mwini wake yemweyo. Chaka chomwecho ku Buffalo, m'dziko la America, Noel Rose ndi Ernest Witebsky anasonyeza pa akalulu kuti thupi likhoza kuukira chithokomiro chake. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti thupi silingadziukire lokha, choncho matenda a Hashimoto anatsegula khomo lomvetsetsera gulu lonse la matenda otere.

Chodabwitsa n'chakuti chithandizo chinapezeka chifukwa chisanadziwike. Mu 1891 dokotala George Murray wa ku Newcastle, ku England, anabaya mayi wina wodwala kwambiri madzi ofinyidwa m'chithokomiro cha nkhosa. Mayiyo anachira, anapitiriza kulandira chithandizocho, ndipo anakhala moyo zaka zina 28. Mu 1914 Edward Kendall wa ku Mayo Clinic anapatula thyroxine yeniyeniyo, ndipo mu 1927 Charles Harington ndi George Barger anakwanitsa kuipanga popanda kupha nyama.

Zizindikiro

Zizindikiro zake zimabwera mozemba, ndipo palibe chimodzi chimene pachokha chingatsimikize matendawa. Zofala ndi izi: kutopa ndi kugona kwambiri, kumva kuzizira ena asakumva, kudzimbidwa, khungu louma ndi lokhakhala, kuthothoka kwa tsitsi, kutupikana nkhope makamaka m'zikope m'mawa, mawu osasa, kuphwanya ndi kukokana kwa minofu, dzanzi m'manja, kugunda kwa mtima pang'onopang'ono, kuiwalaiwala, ndi kukhala wokhumudwa popanda chifukwa chooneka. Thupi limawonjezera kulemera ngakhale munthu sakudya kwambiri, koma kawirikawiri ndi makilogalamu ochepa chabe, ndipo ambiri mwa iwo ndi madzi. Amayi amatha kutaya magazi ambiri posamba, kusamba mosatsata nthawi, kuvutika kutenga pakati kapena kupita padera.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidziwenso mmene vutoli limaonekera mwa ana. Chizindikiro chachikulu ndi kuima kukula. Mwana amene anali wofanana msinkhu ndi anzake amatsalira, n'kumanenepa pang'ono, ndipo amachedwa kutha msinkhu. Mwana wotere kawirikawiri savuta m'kalasi. Amakhala phee, sathamanga pabwalo, ndipo mphunzitsi akhoza kumuyamikira kuti ndi wofatsa pamene akudwala.

Matendawa akasiyidwa kwa zaka, mafuta a m'magazi amakwera, mtima umafooka, ndipo madzi amatha kudzaza m'thumba lokuta mtima. Kwa okalamba, makamaka nyengo yozizira kapena akagwidwa ndi matenda ena, thupi limatha kuzizira kwambiri, munthu n'kusokonezeka mutu mpaka kukomoka. Zikafika pamenepo moyo uli pachiswe, ndipo wodwalayo ayenera kufika kuchipatala msanga.

Magazi ndiwo amanena zoona

Popeza kutopa kumabweranso ndi kuchepa kwa magazi, shuga, chifuwa chachikulu, HIV, matenda a maganizo, ngakhale kungogona mochedwa nthawi ya mayeso, palibe amene angadziwe matenda a chithokomiro pongoyang'ana munthu. Dokotala amafunsa mbiri ya wodwala ndi ya banja lake, amagwira pakhosi wodwalayo akumeza madzi, amawerenga kugunda kwa mtima, kenako amayeza magazi.

Choyamba kuyezedwa ndi TSH. M'malabotale ambiri mlingo woyenera mwa munthu wamkulu umakhala pakati pa 0.4 ndi 4.0 kapena pafupi ndi pamenepo, ndipo pepala la zotsatira limalemba malire a labotale imeneyo. TSH ikakwera, amayezanso T4. Zotsatira zimawerengedwa motere. TSH ikakhala yokwera ndipo T4 yotsika, chithokomiro chafookadi ndipo munthu ayenera kuyamba mankhwala. TSH ikakhala yokwera pang'ono koma T4 ili m'malire, ndiye kuti chithokomiro chikukwanitsabe ntchito, koma mochita kukuwiridwa. Pamenepa dokotala amayezanso pakatha miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa nthawi zina nambalayo imabwerera yokha. Kawirikawiri mankhwala amayambidwa TSH ikapitirira 10, kapena ikakhala yocheperapo koma munthuyo ndi woyembekezera, akufuna kutenga pakati, kapena zizindikiro zikumuvutitsa.

Kuti adziwe ngati gwero lake ndi Hashimoto, amayeza zida za chitetezo zotchedwa anti-TPO, zimene zimapezeka mwa odwala pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Kuyeza kumeneku n'kokwanira kamodzi. Kukwera kapena kutsika kwa anti-TPO sikusintha mlingo wa mankhwala, choncho kubwerezabwereza n'kungotaya ndalama. Ndipo alipo anthu ambiri amene ali ndi anti-TPO koma chithokomiro chawo chikugwira ntchito bwino. Iwowa safunika mankhwala, amangofunika kuyezetsa TSH nthawi ndi nthawi.

Sikani ya pakhosi si ya aliyense. Imafunika pamene dokotala wamva kachotupa kolimba, pamene mbali imodzi yakula kuposa inzake, kapena pamene chotupa chikukula msanga, chikusintha mawu, kapena chikuvutitsa kumeza ndi kupuma. Pamenepo amatha kutenga timaselo ndi singano yopyapyala kuti aone ngati si khansa.

Zinthu ziwiri zimasokoneza zotsatira. Munthu akadwala kwambiri matenda ena, manambala a chithokomiro amasuntha kwa kanthawi, choncho ndi bwino kuyeza atachira. Komanso mapiritsi a biotin, amene atsikana ena amamwa kuti tsitsi ndi zikhadabo zikule, amanamiza makina ena oyezera. Womwa mapiritsi amenewa auze dokotala asanatengedwe magazi.

Kuyeza kumeneku sikupezeka pachipatala chilichonse chaching'ono. Tikapita, tifotokoze zizindikiro zonse pamodzi, titchule ngati m'banja muli wodwala chithokomiro, ndipo tifunse mwaulemu ngati TSH ingayezedwe kapena ngati tingatumizidwe kumene amayeza. Safunsa anadya phula.

Chithandizo chake

Palibe mankhwala amene amathetsa kusokonezeka kwa chitetezo pa matenda a Hashimoto. Chimene madokotala amachita ndi kubwezera thupi chimene likusowa. Piritsi lake ndi levothyroxine, yomwe ndi T4 yofanana ndendende ndi imene chithokomiro chabwino chimapanga. Lili pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa World Health Organization, ndipo limapezeka m'milingo monga mamaikulogalamu 25, 50 ndi 100.

Kwa munthu wamkulu wopanda vuto la mtima amene chithokomiro chake chafookeratu, mlingo wokwanira umakhala pafupifupi mamaikulogalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Wolemera makilogalamu 60 angafunike pafupifupi 100. Okalamba ndi odwala mtima amayamba ndi mlingo wochepa, monga 25, n'kumakweza pang'onopang'ono, chifukwa kukupiza moto mwadzidzidzi kungalemetse mtima wozolowera kuyenda mofatsa. Tatchula manambalawa kuti timvetse zimene zalembedwa m'buku lathu la kuchipatala. Wosankha mlingo ndi dokotala.

Mankhwalawa amachedwa kuoneka ntchito yake. Theka la mlingo umene munthu wamwa limatenga pafupifupi sabata kuti lichoke m'magazi, choncho thupi limafuna milungu ingapo kuti likhazikike pa mlingo watsopano. TSH imayezedwanso pakatha milungu 6 mpaka 8, ndipo mlingo umasinthidwa mpaka nambala italowa m'malire. Zikakhazikika, kuyeza kamodzi pachaka kumakwanira kwa ambiri. Mphamvu zimayamba kubwerera pakatha milungu iwiri kapena itatu, koma khungu ndi tsitsi zimatenga miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuwonjezera mlingo mwatokha pofuna kuchira msanga kapena kuchepetsa thupi n'koopsa. Levothyroxine akachuluka, mtima umathamanga ndi kugunda mosalongosoka, manja amanjenjemera, tulo timasowa, ndipo m'kupita kwa zaka mafupa amafooka. Kusiya mankhwala chifukwa munthu wayamba kupeza bwino ndiko kulakwitsa kofala kwambiri. Akupeza bwino chifukwa cha piritsilo, ndipo akasiya, zizindikiro zimabwerera mozemba monga zinayambira. Ambiri odwala Hashimoto amene chithokomiro chawo chafooka amamwa mankhwalawa moyo wawo wonse.

Kamwedwe kake ndi chakudya chathu

Levothyroxine amayamwidwa bwino m'mimba mopanda kanthu. Amwedwe ndi madzi okha, m'mawa, mphindi 30 mpaka 60 munthu asanadye, kapena usiku pogona patatha maola atatu chidyereni. Chachikulu ndi kumwa mofanana tsiku lililonse.

Pali zinthu za m'nyumba zathu za Chiadiventi zimene tiyenera kuzitchula mwapadera. Choyamba ndi soya. Ambiri a ife amene tinasiya nyama timadalira phala la soya, mkaka wa soya ndi soya pieces. Soya sayambitsa matenda a chithokomiro mwa munthu amene akupeza ayodini wokwanira, ndipo wodwala sakuyenera kumusiya. Koma amachepetsa kuyamwidwa kwa piritsili akakumana nalo m'mimba, choncho kumezera piritsi ndi phala la soya n'kuliwononga. Chachiwiri ndi makala ogaya, amene timawakonda pothandiza m'mimba. Makala amakola poizoni, koma sasankha, amakolanso mankhwala. Womwa levothyroxine asamwe makala pafupi ndi nthawi ya piritsi lake. Chachitatu ndi mapiritsi owonjezera magazi, a calcium, ndi mankhwala a kutentha pamtima. Amenewa atalikirane ndi levothyroxine ndi maola anayi.

Mankhwala ena amachititsa thupi kutha levothyroxine msanga, monga rifampicin wa chifuwa chachikulu, ndi mankhwala a khunyu monga phenytoin, carbamazepine ndi phenobarbital. Woyamba kapena kusiya mankhwala amenewa auze dokotala kuti TSH iyezedwenso. Mapiritsi asungidwe pouma, posatentha ndi posafika dzuwa, osati pawindo kapena pafupi ndi moto. Popita ku msonkhano wa misasa kapena kutchuthi kumudzi, titenge okwanira. Patsiku losala kudya piritsi limwedwe monga mwa masiku onse, pakuti limafuna madzi okha.

Nanga ayodini? Tonse tigwiritse ntchito mchere wothira ayodini, wosungidwa m'chitini chotseka, ndipo tisauchulukitse chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Koma wodwala Hashimoto sachira powonjezera ayodini, chifukwa vuto lake si kusowa zipangizo, ndi kuwonongeka kwa maselo opanga mahomoni. Ayodini wochuluka, monga wa m'mapiritsi opangidwa ndi ndere za m'nyanja zamchere, akhoza kuwonjezera matendawa. Kabichi, repu ndi masamba ena otere, pa mlingo umene timadya ngati ndiwo, alibe vuto.

Mayi woyembekezera

M'miyezi itatu yoyambirira, mwana wosabadwa amadalira mahomoni a chithokomiro cha mayi ake kuti ubongo wake ukule. Mayi amene chithokomiro chake chafooka ndipo sakulandira chithandizo ali pa chiopsezo chopita padera, kubereka masiku asanakwane, ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mwana akhoza kutsalira nzeru. Levothyroxine savulaza mwana. Mayi amene amamwa kale akangodziwa kuti ali ndi pakati asasiye, apite kwa dokotala msanga, chifukwa kawirikawiri mlingo umayenera kukwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu. Akumbukirenso kuti mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo atalikirane ndi levothyroxine. Kuyamwitsa kupitirire monga mwa nthawi zonse.

Uthenga wa zaumoyo ndi piritsi la tsiku ndi tsiku

Tinakula tikuphunzitsidwa njira zisanu ndi zitatu za chilengedwe zimene Mayi Ellen White anazindandalika m'buku la The Ministry of Healing la mu 1905: mpweya wabwino, dzuwa, kudziletsa, kupuma, kulimbitsa thupi, chakudya choyenera, madzi, ndi kudalira Mulungu. Tinamvanso kuti iwo anachenjeza za mankhwala. N'chifukwa chake m'bale kapena mlongo akauzidwa kuti azimwa piritsi moyo wake wonse, mtima umamutsutsa, ndipo sipalephera kupezeka womulangiza kuti asiye, ayese madzi a zitsamba ndi kupemphera kolimba.

Tiyenera kukumbukira mankhwala amene ankaperekedwa m'masiku amenewo. Madokotala ankamwetsa odwala calomel wokhala ndi mercury, strychnine, arsenic ndi opium, zinthu zimene zinkapha anthu ambiri. Mayi White anamwalira mu 1915, patangopita miyezi yochepa thyroxine itapatulidwa. Mpingo umene iwo anathandiza kuukhazikitsa unamanga sukulu ya madokotala ku Loma Linda, ndipo kuno kwathu unamanga chipatala cha Malamulo ku Makwasa, chimene chinatchuka pothandiza odwala khate. Uthenga wa zaumoyo sunayambe wadana ndi chipatala.

Ndiponso levothyroxine sali m'gulu la zoledzeretsa kapena zogonetsa ululu. Ndi chinthu chimene Mlengi anaika m'thupi la munthu aliyense, chimene thupi la wodwalayo lasiya kupanga. Palibe tsamba, chipatso kapena kusala kudya kumene kumadzutsa maselo a chithokomiro amene anawonongeka. Njira zisanu ndi zitatu zija zimathandizadi wodwalayo: kuyenda ndi kudya masamba ndi zipatso kumachepetsa kudzimbidwa ndi kuteteza mtima, kugona mokwanira kumachepetsa kutopa, ndipo pemphero limalimbitsa mtima wofooka. Zimagwira ntchito pamodzi ndi piritsi, sizilowa m'malo mwake.

Baibulo silitisiya mumdima pankhaniyi. Pa 2 Mafumu 20, Mulungu atamva pemphero la Hezekiya n'kulonjeza kumuchiritsa, mneneri Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pachithupsa chake. Lonjezo la Mulungu ndi mankhwala zinayendera limodzi. Pa Yohane 9, ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa amene anachimwa, ndipo Yesu anakana maganizo amenewo. Matenda a Hashimoto amagwira wodya nyama ndi wosadya nyama, wopemphera kwambiri ndi wosapemphera. Wodwala asafunsidwe chimene analakwa. Ndipo ngati thupi lathu lili kachisi wa Mzimu Woyera, monga Paulo akutikumbutsa pa 1 Akorinto 6, ndiye kuti kudzuka m'mawa uliwonse n'kumwa piritsi limene limasunga kachisiyo ali wamphamvu ndi mbali ya ukapitawo wathu. Timakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. Amene akukhulupirira kuti wachiritsidwa apite akayezetse magazi, ndipo dokotala ndiye achepetse mankhwala zotsatira zikasonyeza choncho.

Udindo wathu

Mnzathu wa m'chipinda akayamba kugona masana onse, kuzizidwa nthawi yotentha ndi kutsika m'maphunziro kwa miyezi yambiri, tisathamangire kumutcha waulesi. Timufunse mmene akumvera, ndipo timuperekeze kuchipatala. Mayi wa Dorika amene anali wachangu akayamba kujomba, nkhope itatupikana ndi mawu atasasa, kumuyendera kwathu kukhale ndi pemphero ndiponso malangizo oti akayezetse. Popeza kuyeza ndi kugula mankhwala chaka ndi chaka kumafuna ndalama, mpingo ukhoza kuthandiza amene sangakwanitse, kuti asamadumphitse masiku pofuna kuti mapiritsi achedwe kutha. Adipatimenti ya zaumoyo angagwiritse ntchito tsiku la 25 May, lomwe ndi tsiku lokumbukira matenda a chithokomiro pa dziko lonse, kuitana namwino kapena dokotala kuti adzaphunzitse Sabata masana.

Mwa matenda onse okhalitsa, kufooka kwa chithokomiro ndi amodzi mwa amene chithandizo chake chimagwira bwino kwambiri. Wodwala amene wapezeka msanga ndipo akumwa mankhwala mokhulupirika amamaliza sukulu, amagwira ntchito, amabereka ana, ndipo amakalamba ngati wina aliyense. Chimene chimawononga zaka za anthu ndi kuchedwa kuyezetsa ndi kusiya mankhwala panjira, ndipo pa zinthu ziwirizi mawu a mnzake, a mphunzitsi kapena a mkulu wa mpingo akhoza kumuthandiza munthu kapena kumusocheretsa.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani TSH imakwera pamene chithokomiro chafooka? Tifotokoze m'mawu athuathu ngati tikuuza mwana wa Sitandade 8.

2. Kodi kufooka kwa chithokomiro kobwera ndi kusowa ayodini kumasiyana bwanji ndi kobwera ndi matenda a Hashimoto? Kusiyanaku kukukhudza bwanji chithandizo?

3. Ndi zakudya ndi mankhwala ati a m'nyumba mwathu amene sayenera kumwedwa nthawi imodzi ndi levothyroxine?

4. Tingamuyankhe bwanji mwachikondi m'bale amene akulangiza wodwala kuti asiye mankhwala posonyeza chikhulupiriro? Nkhani ya Hezekiya ikutithandiza motani?

5. Ndi mayina ati amene timapatsa anthu otopa ndi ochedwa pasukulu pathu ndi mumpingo mwathu, ndipo tingachite chiyani tisanawatchule mayina amenewo?